Chigoba cha Magalasi ku Msitu wa Kumanda

Kuno kumudzi, mbali ya Domwe
Mwezi wa chisanu

Mwana wanga Ernesto,

Ndiyambe ndi moyo. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Beira, iwe ndi apongozi anga a Telma? Ana akupita bwino kushikola? Nanga mwendo uja unkadandaula nawo chaka chatha, unapola? Ife kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chabwera ndi mano. Mawondo anga m'mawa amakana mpaka dzuwa lifike pamwamba pa nkhokwe. Chimanga tinakolola, si chambiri koma tidya. Kachewere wa kudimba ndiye wachita bwino.

Amene wagwira cholembera ndi mlongo wako Marisa, poti ine ndi zilembo sitidziwana. Tsono pali zina zimene sinditchula, chifukwa wolembayu ndi mkazi. Pamene ndalumpha udzaze wekha. Kudambwe unapitako uli mnyamata, usanalowe mpingo.

Ndinakuimbira Lamulungu lija pa foni ya a Caetano. Utangomva mawu oti dambwe, unati za mdima sukamba nawo, n'kudula. Sindinakwiye. Koma pepala lilibe podulira, ndiye uwerenge mpaka pansi. Marisa akundiyang'ana kumaso, ndamuuza kuti alembe, azimva pamene tikupita.

Nkhani ndi ya Crimildo, mwana wa mlongo wakoyu.

Ukudziwa kuti mwanayu anakulira m'tauni ku Tete, kuno anabwera bambo ake atamwalira. Zakumudzi amazidziwa mwa apo ndi apo. Ndi mwana wofatsa, amathirira dimba osadandaula. Vuto ndi chifuwa chake cha mphumu chija. Kukazizira, pakhosi pake pamalira mluzu, munthu uli panja umamva.

Pa msika wa Domwe pali baraka ina ya malata imene amaonetsamo mafilimu. Mwini wake anabwera ndi filimu yatsopano kuchokera ku Dedza, yoikidwa kale mawu a Chinyanja, munthu mmodzi kumalankhulira onse, amuna ndi akazi omwe.

Ine ndinaidziwa chonchi. Tsiku la msika ndinapita kukagulitsa nyemba. Masanasana ndinangomva mfuwu, ngati chapa, minibasi zathu zija, yagubuduzika ndi anthu. Anyamata ndi atsikana akutuluka m'barakamo, ena manja ali kumutu, ena akudzigwetsa pansi, wina akumenya lata ndi chibakera. Iwe unali kumsana kwa mayi ako pamene tinkathawa nkhondo, sungakumbuke, koma ine kulira kwa anthu ambiri nthawi imodzi ndimakudziwa.

Ndinagwira mtsikana wina pamkono n'kumufunsa kuti watisiya ndani. Akuti Kalilole. Ndinavula chipewa, ndikufunsa kuti ndi mwana wa yani, maliro ali mudzi uti. Anandiyang'ana misozi ili mbwembwembwe, kenaka n'kuphulika kuseka, amvekere agogo valani chipewa, ameneyo ndi wa m'filimu.

Pobwerera kumudzi Crimildo anandilongosolera, maso ali psu ndi kulira. Akuti kuli ngwazi zingapo, iliyonse inali ndi filimu yakeyake zaka zonsezi. Tsopano azisonkhanitsa m'filimu imodzi, chifukwa kwabwera mdani womwa mitsinje amene mmodzi sangamuthe. Pali Namchere, mkazi amene chilichonse wakhudza chimasanduka mchere. Pali Dzimbiri, akangoyang'ana mfuti imayoyoka yokha. Ndiye pali Kalilole uja, wa nkhope ya galasi, chimene wamuponyera chimabwerera kwa iwe mwini. Poyamba amakangana ngati akazi a pamitala, kenaka amagwirizana. Mfuwu wawo ndi woti wagwa mmodzi, dzukani nonse. Pamathero Kalilole amasweka m'nkhalango, anzake n'kumunyamula pamapewa.

Ndinamufunsa kuti ngati ukudziwa kale kuti munthuyo afa, ubwereranji kukaonanso. Akuti vovo, ndimo amatchulira agogo ana a ku Tete, mwina sindinaonetsetse, ena akuti pamene amamunyamula chala chinagwedezeka.

Chala chimenecho chinaimitsa ntchito kumadimba. Anyamata kusiya zitini za madzi pansi, kumakangana kuti wafa kapena sanafe. Ena akuti wolakwa ndi Dzimbiri chifukwa anachedwa, ena akuti amene akunyoza Dzimbiri abwere pano. Mnyamata wa kwa a Páscoa anauza anzake pamjigo mmene filimu imathera iwo asanaione. Anamuthira matope n'kumuthamangitsa mpaka kumlatho. Akuti kuulula mathero ndi mlandu woposa kuba mbuzi.

Tsiku lina Crimildo anandikokerako. M'kati mdima ngakhale kunja kuli dzuwa, anthu othithikana, fungo la thukuta. Pamene ngwazi zija zinaima pamzere umodzi, baraka yonse inadzuka, kukwera pamabenchi, kukuwa mayina, benchi imodzi mpaka kuthyoka. Kenaka zinayamba kuphulika. Sindidziwa kuti ndinatsika bwanji, ndinangopezeka ndili pansi pa benchi, manja kumutu. Palibe anandiona, onse maso anali kutsogolo. Ndinatuluka chokwawa. Panja ndinadziuza kuti asiyeni, ana amene amalipira kuti amve mfuti ndi ana amwayi.

Kenaka anayamba kupanga zigoba, zophimba kumaso za ngwazi zawozo. Amadula makatoni, ena matumba a feteleza. Crimildo anakatola magalasi osweka kwa okonza mota, njinga zamoto zija, n'kuwamata ndi ulimbo pa katoni, nkhope yonse kumangoti waliwali. Mayi ake anaseka. Ine sindinaseke. Nkhope yobisika pamudzi pano ili ndi eni ake. Ndinamuuza kuti azivalira m'nyumba, anati inde vovo.

Tsono iye ndi anzake a ku Domwe anafuna kusewera imfa ya Kalilole n'kudzijambula pa foni. Imfayo imachitikira m'nkhalango. Iwe dziko lathu lino ukulidziwa, mitengo inatha, paliponse ndi mizere ndi ziputu. Mitengo ikuluikulu, yamdima pansi, yatsala malo amodzi okha, kumanda.

Analowera mbali ya kumtsinje, dzuwa lili paliwombo. Iye akulumbira kuti sanaponde mtumbira ndi umodzi womwe. Akuti tinasankha dala mbali yopanda mitumbira kuti tisalakwire akufa. Ernesto, mbali yopanda mitumbira ndi iti? Ndi kudambwe, kumene gule amakonzekera, kumene wosameta saponda. Anafika tsiku loti kunalibe munthu, onse anali kokumba kachewere.

Anasewera imfa yawo, anzake kumunyamula, kulira monga m'filimu. Pamathero chifuwa chinamuthina, ndiye anatukula chigoba kuti apume. Anzake sanavule. Choncho nkhope yodziwika m'kajambulidwe konseko ndi yake yokha.

Zojambulazo anazitumiza kwa anzawo, anzawo kwa anzawo. Pofika mawa lake zinali ku Lifidzi, zinali ku Ulongwe. Anthu kuyamikira, kumutcha Kalilole wa ku Domwe. Anabwera kwa ine mano onse ali panja, amvekere vovo taonani mdzukulu wanu watchuka. Ndinayang'ana pa kagalasi ka foni. Sindinaone iye. Ndinaona zimene zinali kumbuyo kwake, zotsamira pamtengo, zina zokolekedwa kuti ziume, zina zosamaliza kuluka. Zinthu zimene mkazi ndi mwana sayenera kuziona zili chigonere popanda mwini m'kati.

Ndinati chotsa, chotsa msanga. Akuti vovo, ndingachotse yanga yokha, koma zili ngati chisoso, zamatirira kale aliyense wadutsapo.

M'mawa wotsatira tinapeza phulusa lothiridwa mzere pakhomo, ndi nthenga za nkhuku zozikidwa m'dothi. Marisa atapita kumjigo amayi onse anapatuka, kumusiya atunge yekha, popanda ndi mmodzi yemwe womupatsa moni.

Masana anabwera a Nikolasi. Ukuwakumbuka, aja tinkagawana nawo ufa kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Tsopano ndiwo akulu a kudambwe. Sanabwere ndi ukali. Anakhala pakhonde, anamwa madzi, anafunsa za mawondo anga. Kenaka anaitana Crimildo. Anamuuza kuti ndamva munathamangitsa mnzanu mpaka kumlatho poulula mathero a filimu, ndiye kuti chinsinsi mukuchidziwa kulemera kwake. Inu chanu ndi cha mwezi uno, chathu tinachilandira kwa agogo a agogo athu. Mwanayo anangozolika.

Atamuchotsa, anandiuza kuti diso likaona silibweza. Amene waona za kudambwe ayenera kukhala wa kudambwe. Njira ndi ziwiri. Alowe mwaulemu, mwini mbumba atavomera ndi nkhuku m'manja, kapena anyamata amutenge mwa iwo okha. Akuti magazi awira, chifukwa akazi awo aona zonse pa foni ndipo ena akuseka. Akuti ine ndingawagwire pang'ono, koma dzanja langa ndi lokalamba.

Kusiyana kwa njira ziwirizi iwe ukukudziwa. Wolowa mwaulemu amakhala ndi phungu, womuyang'anira, amene anganene kuti basi apa, mwanayu ndi wodwala. Wogwidwa alibe phungu. Ndi chifuwa chija, ndi chisanu chino, ndi mkwiyo umenewu, sindinena zambiri, mayi ake ali pano.

Ndinati a Nikolasi, ine ndine agogo ake, ndavomera ine. Anapukusa mutu, amvekere Gaspar mnzanga, imvi zonsezi koma pamudzi pano ndiwe mkamwini, unabwera kudzakwatira. Mbumba ndi ya Ernesto. Ndipo mudzi wonse ukukumbuka kuti pamaliro a mayi ake anaima n'kunena kuti mwana wa mlongo wake sadzaponda kumeneko iye ali moyo.

Ndilo tsiku ndinakuimbira foni.

Tinamutsekera m'nyumba mwanayo. Sankapita kudimba, ngakhale kuseri ankapita ine nditaima pafupi. Koma foni tinaiwala kumulanda. Akuti anangouza mnzake mmodzi, Cláudio, mwana wa ogulitsa mafuta a mota ku Domwe, kuti zinthu zavuta. Cláudioyo ndiye analemba kwa onse okonda filimu ija kuti wagwa mmodzi, dzukani nonse.

Loweruka dzuwa litapendeka ndinali pakhonde kusankha kachewere wambewu. Ndinaona fumbi kumsewu. Mota, njinga, ena wapansi. Ambiri, Ernesto, ngati anthu ochokera kumpira. Onse nkhope zophimba. Ena a Dzimbiri, opaka dothi lofiira, atsikana a Namchere odzola ufa m'manja, a Kalilole osawerengeka. Atanyamula zivundikiro za mapoto ndi mipini ya makasu, akuimba nyimbo ya m'filimu ija yopanda mawu. Ena sindinawaonepo, akuti anachokera ku Lifidzi, ena mpaka ku Ulongwe, ana oti Crimildo sakuwadziwa ndi dzina lomwe.

Amayi a m'mudzi poyamba anayesa zilombo, anatola ana n'kuthawira m'nyumba. Kenaka anasuzumira, anaona nsapato ndi mabuluku a kushikola, n'kuyamba kuseka. Kuseka kumeneko ndiko kunaononga zonse, chifukwa kunamveka mpaka kumsitu.

Ndinamva kulira kuja kuchokera kumanda. Ukukudziwa. Agalu onse anangoti zii.

Zinatuluka zilombo. Ndizitchula choncho poti akulemba ndi Marisa. Matope thupi lonse, zikoti, zikwanje. Ine ndakula ndi gule, ndamuona pamaliro, pachinamwali, polonga mfumu, koma nthawi zonse ng'oma imatsogola. Tsiku limenelo kunalibe ng'oma. Sizinkavina. Zinkangobwera.

Anakumana pa munda wa a Conceição, uja uli pakati pa nyumba yathu ndi msitu, wokolola kale. Ana aja anaima pamzere umodzi, phewa ndi phewa, ndendende ngati ngwazi zawo m'baraka muja. Ena anatukula mafoni kuti ajambule. Wina anakuwa mfuwu wawo uja, onse n'kuyankha. Mawu ena anali oti sanayambe n'kukhuthala komwe.

Anawa sanaonepo chimene chikwanje chimachita pathupi la munthu. Ine ndinaona, panjira ya kumalire, chaka chimene tinathawa. Sindinauzepo munthu ndipo sindiyamba lero. Ndinayang'ana zivundikiro za mapoto zija.

Ndiye ndinaona Crimildo. Anatulukira pazenera. Wavala chigoba chake cha magalasi, akuyenda kupita kutsogolo kwa mzere. Pambuyo pake anandiuza kuti sakanatha kukhala m'nyumba anthu akumenyedwa chifukwa cha iye. Mluzu wa pachifuwa pake ndinkaumva ndili pakhonde. Dzuwa linagunda magalasi aja, kuwala kwake n'kumathwanima m'maso mwa zilombo. Chimodzi chinaima, n'kutukula mkono.

Mawondo amene amakana m'mawa aja sindidziwa kuti anavomera bwanji. Ndinangopezeka ndili pakati pa munda, chipewa m'manja, ndagwada pa ziputu, uku zigoba, uku zilombo. Ndinakuwa ndi mawu onse amene ndatsala nawo. Ndinati mwini mbumba wavomera. Ndinati ndalankhula naye pa foni, mwanayu alowa mwaulemu, atsibweni ake akubwera okha ndi nkhuku.

Ernesto, ndinanama. Ndinanama m'dzina lako, mudzi wonse ukumva.

Mlongo wako wadziwa lero lino, polemba kalatayi. Masiku onsewa amayesa kuti unavomeradi, mpaka anakupempherera. Waima pang'ono, wapita kukasamba kumaso, wabweranso. Tipitirize.

A Nikolasi anatulukira kumbuyo kwa zilombo, akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Anandifunsa kuti mawu amenewa atulukadi m'kamwa mwa Ernesto? Ndinati inde. Anandiyang'ana kumaso. Munthu amene unagona naye m'hema limodzi pa njala amadziwa nkhope yako ikamanama. Ndinadikira kuti andiyalutse.

Anatembenuka n'kunena mokweza kuti mwamva nonse, mwanayu ali ndi mwini. Koma anawonjezera kuti mawu a pa foni ndi mphepo. Mwini mbumba abwere yekha, aime pabwalo, nkhuku m'manja, gule wa chiliza cha malemu anyakwawa asanatuluke kumapeto kwa mwezi uno. Kufikira tsikulo mwanayu agona m'nyumba mwanga, womukhudza wakhudza ine. Anamuvula chigoba chija ndi manja awo, n'kuchikulunga m'jekete. Mkono uja unatsika. Zilombo zinabwerera kumsitu chambuyo, osatembenuka.

Pocheuka ndinaona kuti mzere wa ana uja unali utachepa kale. Ena anathawa zilombo zitangoyandikira, zigoba kuzitaya m'mizere, m'mawa mbuzi zinkadya makatoni. Koma otsalawo anayamba kukuwa ndi kulumpha. Cláudio anakwera pamwamba pa mota, manja m'mwamba, amvekere zathawa, zathawa. Akuti alemba kale m'mafoni kuti tapambana, Kalilole wa ku Domwe tamupulumutsa. Akutinso wina akadzamukhudza adzabwera ochuluka kuposa apo.

Ndinayesa kuwauza kuti palibe chathawa. Anandiombera m'manja, wina n'kundiveka chivundikiro cha poto kumutu, akuti agogo ndinu ngwazi. Anandijambulanso. Ine mkodzo uli pafupi kutuluka.

Tsono ndi apa tafika. Crimildo ali kwa a Nikolasi. Akumusunga bwino, akazi awo anamupatsa bulangete lachiwiri, masana amatong'ola nawo chimanga. Koma ndikamapita kukamuona ndimapeza anyamata atakhala pachulu moyang'anana ndi nyumbayo. Amangosenda timitengo ndi mipeni, n'kumandiyang'ana ndikamadutsa. Akudikira kuti aone ngati ubwere.

Ukapanda kubwera, kapena ukatumiza mawu okana, dzanja la a Nikolasi lichoka pamutu pa mwanayu. Sangachitire mwina, nawonso anaika ulemu wawo pa bodza langa. Anyamata a pachulu aja adzamutenga popanda phungu. Ana a mafoni aja adzamva n'kubweranso ndi zivundikiro zawo. Ine bodza lachiwiri ndilibe.

Ndikudziwa zimene ukuganiza, kuti timuthawitsire kwa iwe. Nanenso ndinaganiza. Koma nkhope yake ili m'foni ya aliyense kuchokera kuno mpaka ku Ulongwe, ndipo chapa imaima m'midzi ya gule yokhayokha. Sangafike ndi pamphambano pomwe.

Mpingo wako sindikuunyoza. Unakuchotsa ku mowa, unakupatsa mkazi wabwino, mayi ako anamwalira akuuthokoza. Sindikupempha kuti uvine, sindikupempha kuti uponde kumsitu. Ungoima pabwalo masana, anthu akuona, upereke nkhuku, unene kuti mwana ndi uyu, musamalireni. Tambala ndamusunga kale, wofiira uja. Abusa ako ukawauze kuti bambo ako anakumanga ndi pakamwa pawo iwe kulibe. Ngati pali tchimo, alilembe pa ine, ndatsala pang'ono kukayankha ndekha.

Ndinapempha kuti phungu wake ndikhale ine. Anyamata anaseka, akuti phungu wotani wofunanso womugwira dzanja. A Nikolasi anati palibe mwambo woletsa nkhalamba, avomera. Marisa wandiphunzitsa kagwiritsidwe ka kabomba kake kopopera m'kamwa kaja, kugwedeza kaye, kenaka kudina iye akukoka mpweya. Zala zanga n'zouma koma ndayeserera mpaka ndadziwa. Kadzakhala m'thumba mwanga, ndipo sindidzachoka pambali pake mpaka atatuluka. Koma phungu salowa ndi mwana amene mwini wake sanapereke.

Crimildo sakudziwa kuti ndinanama. Dzulo anandiuza kuti polemba kalata ndikuthokozere. Akuti anzake ankanena kuti atsibweni ako a mpingo aja sangavomere, koma iye ankadziwa. Akuti m'filimu muja muli ngwazi ina imene imakana kuyambira pachiyambi, imakhala kutali kwayokha, anthu n'kuitukwana, koma zinthu zikafika poipitsitsa ndi imene imatulukira. Akuti pamenepo baraka yonse imalira ndi chimwemwe. Ananena akumwetulira, mluzu uli pakhosi. Ine ndinangoti idya mbatata yako ikuzizira.

Chapa ikaliza hutala kumsewu Crimildo amaimirira n'kusuzumira pampanda.

Undiperekere moni kwa apongozi anga a Telma, uwauze kuti ndikudziwa kuti ndawasenzetsa katundu. Moni kwa Emílio ndi Chakondwa, agogo awo akuwasowa. Marisa akuti moni, akuti zambiri sangathe. A Caetano akupereka moni. Kalatayi ndapatsira a Júlio oyendetsa chapa ya ku Tete, iwo akapereka kwa wa basi ya kwanuko.

Mulungu amene umamupempherayo akuyendetse bwino panjira, akutsegulire mitsinje ndi mapiri. Ubwere ndi jekete, kuno kukuzizira. Usayankhe ndi pepala, mwana wanga. Bwera.

Ndine bambo ako,
Gaspar
Chala chadindidwa apachi ndi changa.